Nthiti za Padenga

Kaputeni sanayendetsepo sitima, koma anatha zaka zambiri kumadoko a kunja akukhoma nthiti za maboti, ndiye dzinali linangomukanirira. Thabwa ankalidziwa ngati mwana wake. Ankaliphika mumgolo wa madzi owira mpaka lifewe, n'kulipinda pabondo, n'kulimanga. Ndi momwe anapangira chimbale chake chokokera zithunzi za TV: nthiti zamatabwa zopindika bwino, waya wa khola la nkhuku atayalidwa mkati mwake, chonsecho atachikhazika padenga, kunsi kwa mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa nyumba.

Thabwa lopinda limafunika liume lili chimangire. Kaputeni ankadziwa zimenezi, koma anali atalengeza kale msewu wonse kuti mpira wa Loweruka adzaonera kwake. Anamasula msanga.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Anthu atadzaza pabalaza, zithunzi zinayamba kuphethira.

"Alamu," anatero mchimwene wa mkazi wake, "chimbale chanuchi chikukoka mpira kapena mchenga?"

"Ine ndinkakhoma maboti inu mukuyamwa chala. Dikirani."

Kaputeni anatuluka n'kuyang'ana padenga. Nthiti imodzi, itamwa madzi, inali kuwongoka pang'onopang'ono, ikunyamula waya wa nkhuku uja. Kuti ukhudze mawaya a magetsi panangotsala mpata wa chikhatho. Ndipo chingwe cha TV chinkachokera pomwepo, kulowera pawindo, n'kudutsa pansi pamene mkazi wake anakhala atatambalala, khanda lili pamiyendo.

Akanatha kubwerera n'kuwauza onse atuluke. Koma anaganiza za kuseka kwa mlamu wake, n'kutenga makwerero.

Malata anali oterera. Anakwawa mpaka pachimbale, nagwira nthiti ija ndi manja awiri, kuikanikizira pansi. Inkakana ngati nyanga ya ng'ombe. Apo m'pamene anakumbukira kuti chingwe chomangira wachisiya pansi. Pamwamba pa khosi lake mawaya ankalira ngati njuchi.

M'nyumba munamveka kuwomba m'manja.

"Pomwepo, alamu, zayera!" Mlamu uja anasuzumira pawindo. "Musasunthe. Angoyamba kumene."

Kumbuyo kwa Kaputeni nthiti ina inathetheka, nayamba kudzuka.

Kaputeni anakuwa kuti achotse mwana, atuluke onse. Koma mvula inali itakula pamalata, ndipo wina m'nyumbamo anakweza voliyumu.