Zimene Bambo Anaulula ku Gulu

"Apatseni mpata akazi a botolo atunge," anatero Ruth, ndipo atsikana onse a pamjigo anaseka chikhakhali. Ndinasenza ndowa yosadzaza n'kuthawa, madzi akundikhavukira kumsana.

Nkhaniyo inachokera ku gulu la bambo. Chaka chimenecho, nditangoyamba sekondale, amuna a pa esiteti ya fodya ku Mkanda ofuna kusiya kachasu ankakumana Loweruka masana kuseri kwa tchalitchi. Lamulo lawo linali loti aliyense aulule choipitsitsa chimene anachita ataledzera, ndipo zithere pomwepo. Bambo anaulula kuti tsiku lina analonjeza mayi wotcheza kachasu kuti ndidzakwatiwa ndi mwana wake, bola awapatse botolo lina. Wina anakanong'oneza mkazi wake. Posakhalitsa komboni yonse inamva.

Gululo sindinkadana nalo ayi. Chiyambireni, bambo ankafika pakhomo dzuwa lisanalowe, ndipo mayi anayambanso kuimba akamasinja. Koma kusukulu anyamata ankaliza kamlomo ka botolo la Fanta ndikamadutsa, ine mutu pansi.

Bambo ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndinagwada chapatali.

"Bambo, n'zoona?"

Singano inaima. "N'zoona, mwana wanga. Ndikanapanda kuzitulutsa pakamwa, bwenzi ndikumwabe."

"Mwazitula inu, ndazisenza ine."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo chonchi. Iwo anati ngati gululo likundichititsa manyazi, ndingonena, sadzapondakonso. Ndinanena.

Loweruka linafika. A Kefasi, anzawo a kugulu, anaima pamsewu ndi njinga, analiza belu, anadikira, anapita. Bambo anakhala pakhonde, anaimirira, anasesa pabwalo posesa kale. Anazungulira nyumba. Kumunsi kwa komboni, kumene ankagulitsa kachasu, wailesi inali itayamba kulira, ndipo phazi la bambo linkagunda pansi motsatira nyimboyo iwo osadziwa.

Kenaka anafunsa mayi ngati mchere ulipo. Mayi anati ulipo. Iwo anati sopo ndiye mwina watha, angathe kukagula. Tonse tinkadziwa kumene njira ya kugolosale imadzera. Mayi anangondiyang'ana.

Mumtima mwanga munkatentha. Ndinkafuna Lolemba lopanda wondiseka, ndipo ndinkadziwa kuti akapita kugulu akalankhulanso, mwina za mayi, mwina zina za ine zimene sindinazimve.

"Sopo ndikagula ndine," ndinatero.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa nsapato zawo zakuda, zimene ankavala popita kutchalitchi. Ndinaziika pamapazi awo. Anazivala osafunsa, koma zingwe zinkangowapulumuka. Ndinagwada n'kumanga ndine, osawayang'ana kumaso, ndikukoka ndi mkwiyo wonse umene ndinali nawo.

"Pang'onopang'ono, Stelia," anatero bambo. "Kutchalitchi n'kutali."