Mipira Isanu ndi Inayi ya Valentino

Katete yonse inkadziwa kuti Gibson ali ndi mng'ono wake ku Japan, chifukwa Gibsonyo sankalola munthu kuiwala. Iye, woyendetsa malole mpaka ku Beira ndi ku Durban, ndiye anazula mng'ono wakeyo, Valentino, m'munda wa thonje ku Sinda, mnyamata wogenda nkhanga osaphonya, n'kumupereka kwa aphunzitsi a besibo, masewero amene wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi ndodo. Tsopano Valentino ankadya za mkono wake, kuponya mpira basi!

Chotsala chinali ukwati. Valentino ankafuna Ottilia, koma amalume a mtsikanayo, a Fackson a ku Vubwi, anati sangapereke mwana kwa munthu amene ntchito yake sanaione ndi maso. Ndiye Lachisanu lina Gibson anawakhazika m'sitolo ya a Hussein, momwe munali TV yaikulu yogwira masewero akunja.

"Ali kuti mkamwiniyo?" anafunsa a Fackson.

"Uyo, kuseri kwa mpanda, wavala jekete."

"Wakhalatu pansi."

"Amalume, ntchito yake ndi yomweyo. Woponya woyamba akatopa, zinthu zikathina, m'pamene amaitana Valentino kudzapulumutsa timu."

"Kwathu ku Vubwi wokhala pa benchi ndi amene mpira unamukana."

Ogula shuga ndi sopo anaseka.

Ola linatha. Kenako Valentino anaimirira, kuvula jekete, kuyamba kupukusa mkono. Gibson analumpha mpaka kugwetsa ndowa zogulitsa.

"Onani phewa limenelo! La kubanja kwathu!"

Woponya woyamba uja anapezanso mphamvu. Valentino anavala jekete n'kukhala.

Pomwepo a Hussein anayang'ana wotchi n'kutenga makiyi. "Abale, nthawi ya mapemphero a Juma yakwana. Tulukani nditseke."

"A Hussein, mphindi khumi zokha!"

"Kapemphe kumzikiti, Gibson. Akakulola, nane ndilola."

Gibson, amene anawerengera bwinobwino kusiyana kwa nthawi pakati pa Katete ndi Japan, anali ataiwala chimene aliyense pamsika amadziwa: Lachisanu masana sitolo ya a Hussein imatsekedwa. Anakhala pakhonde, Gibson akukweza foni yake m'mwamba uku ndi uku, koma chithunzi osabwera.

A Hussein atabwerako n'kuyatsa TV, masewero anali atangotha. Manambala anali pomwepo: Valentino analowa kumapeto, anaponya mipira isanu ndi inayi, omenya atatu onse anaphonya, timu inapambana. Ndipo uyo Valentino, pa benchi, jekete paphewa, akumwa madzi.

"Amalume, werengani apa! Atatu onse!"

"Ine sindikwatitsa mwana kwa manambala," anatero a Fackson, akuvala chipewa. "Ndinamupeza atakhala, ndikumusiya atakhala. Ottilia adikira wina."

Gibson anawatsatira mpaka pokwerera minibasi, akuponya mkono m'malere kuwaonetsa mmene mpirawo umakhotera. A Fackson anakwera, natseka windo.