Malata a Paphiri

Anali pakhonde akumwa tiyi wamasana: mlonda wa phiri, mkazi wake, ndi apongozi ake amene anabwera kudzacheza sabata imeneyo.

"Bambo, ndakugwirirani ntchito," anatero apongozi. "Phiri lanuli linali ngati dzala. Zidutswa za malata mbwee m'tchiremo! Ndinatola zonse Lolemba lija."

Kapu ya mlonda inaima m'malere.

Malatawo anawayala yekha miyezi itatu yapitayo, zidutswa khumi ndi ziwiri, pakati pa tchire lalifupi la kumunsi kwa phiri. Dzuwa likawatenthetsa, abuluzi amakwawira pansi pake kukafunda. Ndiyo inali njira yokhayo yopezera kabuluzi kena kopanda miyendo, kosowa kwambiri, kamene anthu amakayesa njoka. Mawa lake kunkabwera katswiri wa zinyama. Akakaona ndi maso ake, chigawo chakumunsicho chikhalabe chotetezedwa. Akapanda kukaona, okumba miyala abwerera ku maenje amene anawasiya zaka makumi anayi zapitazo. Ndipo sabata yonseyo mlonda anali kuseri kwa phiri, akulambula njira yotchinga moto.

Koma munthu angakalipire bwanji apongozi?

"Mwachita bwino, amayi," anatero ndi mawu aang'ono. "Nanga munawaika kuti?"

Mkazi wake anatsamwa ndi tiyi. "Amayi, mwaphwasula mudzi wa abuluzi! Amunawa amawakonda kuposa ine."

"Abuluzi?" anatero apongozi, akuyang'ana mlonda. "Boma likukulipirani kuti muzimangira abuluzi nyumba?"

"Ndi momwemo, amayi."

"Ine ndimati ndinu munthu wa ofesi."

Anakwera onse atatu dzuwa lisanapendeke. Apongozi ndiwo anatsogola, ndodo m'manja, akudzudzula minga. Tchire linali litachita maluwa ofiirira mpaka kumwamba kwenikweni, njuchi zili ng'ung'ung'u, ndipo kamphepo kankanunkhira ngati uchi. Nkhwali ziwiri zinauluka pafupi ndi mapazi awo. Mlonda sanazione n'komwe. Pamene panali malata panangotsala zigamba za udzu wofota. Ngakhale atawayalanso tsopano, ankadziwa kuti buluzi sakhulupirira nyumba yatsopano usiku umodzi.

"Ndi umo," anatero apongozi, akuloza limodzi mwa maenje akale aja. "Ndinasanja bwinobwino. Sindine munthu wongotaya zinthu."

Dzenjelo linali losaya, lopanda mphepo, miyala yake yotentha ngati chiwaya. Malata anali atasanjikizana pakona, mwala uli pamwamba. Mlonda anagwada kuti awanyamule, koma dzanja linangoima. M'mphepete mwa lata lapansi munatuluka kamchira kosalala, kamtundu wa mkuwa, n'kubwereranso pang'onopang'ono.

Anatukula pang'ono chabe, nasuzumira. Anawerenga kawiri.

"Abuluzi asanu ndi awiri," ananong'ona. "Miyezi itatu yonseyi ndinaonako kamodzi kokha."

"Njoka!" anakuwa apongozi, ndodo ili m'mwamba.

"Ayi, amayi, chonde! Onani, akuphethira. Njoka siphethira."

Apongozi anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Inde, kakuphethiradi. Kamanyazi ngati inu tsiku lija munkadzafunsira mwana wanga."

Mlonda anabwezera latalo mosamala, nakhala pansi m'fumbi, n'kuseka mpaka misozi. Miyezi yonseyi ankayala malata ake pamtunda pamene tchire linali lokongola, osaganizako za maenje oipawa.

M'mawa mwake katswiri anafika, mayi wa nsapato zikuluzikulu. Anagwada m'dzenjemo, najambula zithunzi, nalemba tsamba lonse lathunthu.

"Pano sipakumbidwanso," anatero. "Koma anaganiza zoika malata m'dzenje ndani? Ndi nzeru zimenezi."

Mlonda anatsegula pakamwa, koma apongozi anali atayamba kale.

"Ndine. Mwanayu ndi wakhama, koma amafuna womuwongolera."

Katswiri atapita, mlonda anakatenga chitini cha penti yoyera n'kukhala pabwalo ndi malata ena atsopano oti akaike m'maenje otsalawo. Pa lililonse ankalemba zilembo zikuluzikulu: OSATOLA. Apongozi anabweretsa kampando kawo n'kukhala pambali pake.

"Wongolani T ameneyo, bambo," anatero. "Wapendekeka."