Pijo ya Malemu Chikoti

A Nasoni ankakhalabe pa esiteti ya fodya ya a Chikoti, chakumtunda kwa Namitete, chifukwa cha chinthu chimodzi chokha: galimoto. Inali Pijo 404 yoyera, ya malemu bambo awo a bwana, ndipo a Nasoni anaiyendetsa zaka zoposa makumi atatu. Nkhalambayo itamwalira, mwana wake, a Joel Chikoti, anagula magalimoto amakono n'kumayendetsa okha. Pijo sanaigulitse poti inali ya bambo awo. Ndipo poti panafunika woipukuta ndi kuilizako Loweruka lililonse, a Joel anawasiyira a Nasoni kanyumba ka malata kuseri kwa zigafa. Kwawo ku Kabudula analibe ngakhale mzere umodzi wa munda, abale anagawana kalekale. Mawondo anali atatha, akazi awo a Salome ankadwala shuga. Kanyumbako kakanawachoka, akanakagona pa khonde la sitolo, ndipo izi ankazidziwa bwino.

Chaka chimenecho Rachel, mwana woyamba wa a bwana, ankakwatiwa, ndipo anaumirira kuti pochoka kutchalitchi akwere galimoto ya agogo ake. Injini inali bwinobwino. Vuto linali mawaya. Zaka zonsezo a Nasoni ankati waya akaduka amalumikiza ndi mano, n'kukulunga ndi pepala la shuga, moti pansi pa dashibodi panali ngati chisa cha makoswe. Ukaliza hutala magetsi ankatsinzina. Ukayatsa magetsi, fungo la labala wopserera linkakupeza pampando. Iwo ankati ndi khalidwe la galimoto zakale.

A bwana anaitana Faness, mwana wa a Simeon. A Simeon anali tenanti wochokera ku Phalombe, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, amene anakhala pa esitetipo zaka makumi awiri. Iwo ndi a Nasoni ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango pafupifupi madzulo aliwonse. Faness anakula a Nasoni akumuona, mamina ali mbwee. Tsopano anali ataphunzira za magetsi a galimoto ku Lilongwe ndipo ankagwira ntchito pa galaja ina ku Mpingu. Anafika atavala ovolosi, atanyamula chikwama cha zida, n'kugwada kupereka moni monga mwana woleredwa bwino. Atadzuka anasuzumira pansi pa dashibodi n'kuseka pang'ono. Kuseka kumeneko a Nasoni sanakuiwale.

Masiku awiri oyamba Faness anangozula mawaya akale. Waya aliyense amene a Nasoni analumikiza ndi manja awo anaponyedwa pa mulu panja pa shedi, ana a matenanti n'kumatola kukapangira magalimoto awo oseweretsa. Kenako anayala mawaya atsopano, aliyense mtundu wake, onse opita ku kabokosi kakuda kamene anamangirira pafupi ndi batire. M'kabokosimo munali timafyuzi tamitundumitundu ndi tinthu tinayi takuda totchedwa marileyi.

"Nanga timabokosi tako iti n'tachiyani?" anafunsa a Nasoni, manja ali kumbuyo.

"Kale moto wonse wa magetsi umadutsa pa swichi, bambo, n'chifukwa chake imatentha," anatero Faness. "Tsopano swichi izingotuma. Wonyamula katundu wolemera ndi rileyi."

"Eya, ngati bwana ndi tenanti."

Faness anaseka, koma a Nasoni sanaseke nawo.

"Koma chimodzi ndikupempheni, bambo," anapitiriza. "Fyuzi ikapsa, musamangepo waya. Imapsa dala kuti galimoto isapse. Ikapsa ndiye kuti penapake palakwika, mungondiimbira foni."

Mwana wa dzulodzulo kuuza munthu amene anafika ndi galimoto imeneyi ku Chitipa, kubwerako popanda kukankhidwa! A Nasoni anangoti "ndamva," koma mumtima munali moto. Tsiku loyesa, a bwana anabwera okha. Magetsi anawala ngati a galimoto ya dzulo, injini inalira kamodzi n'kamodzi. A bwana anamugwira chanza Faness pamaso pa anthu, n'kutembenukira kwa a Nasoni.

"Mwaona, madala? Zaka zonsezi mumatinamiza kuti ndi ukalamba wa galimoto."

Anthu anaseka. A Nasoni nawonso anaseka, poti bwana akaseka wantchito salira. Koma usiku umenewo anagona ndi funso limodzi. Ngati kamtsikana kangathe kuikonza galimotoyo, ankadzifunsa, mawa a bwana adzaona chifukwa chanji chosungira nkhalamba?

Panali chinthu chimodzi chimene Faness sanachikhoze, m'maganizo a a Nasoni: hutala. Anasiya yakale yomwe ija, yolira ngati mwana wa mbuzi. Tonse timadziwa kuti ukwati ndi hutala. Mdipiti wa magalimoto ukachoka kutchalitchi mwakachetechete anthu amayesa maliro. Galimoto ya mkwatibwi iyenera kumveka mudzi wachitatu, amayi azisiya mitondo kuthamangira kumsewu. A Nasoni anali ndi hutala ya lole, imene anaisunga pansi pa bedi zaka khumi. Apa ndi pamene akanaonetsa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Lachisanu masana, anthu onse ali kalikiliki ndi zophikaphika, anatseka chitseko cha shedi. Anaimangirira hutalayo kutsogolo, nasenda waya wa hutala yakale n'kulumikizapo wawo. Wayayo anamudutsitsa pa kabowo ka chitsulo chakuthwa m'mbali, popanda labala, monga ankachitira nthawi zonse. Atadina, inalira kamodzi mpaka malata kunjenjemera, kenako zii. Fyuzi inali itapsa. Anaikapo ina mwa zimene Faness anasiya, nayonso inapsa. Foni inali m'thumba, nambala ya Faness inalimo. Koma munthu wamkulu angaimbire mwana kuti bwera udzandiphunzitse ntchito yanga? Anasenda kachidutswa ka waya, napota timikuwa take, n'kumanga pamalo pa fyuzi. Hutala inalira, n'kuliranso. A Nasoni anatseka kabokosiko akumwetulira.

Loweruka dzuwa la Okutobala linatuluka ndi ukali. Pochoka kutchalitchi Pijo inali patsogolo, itavekedwa maliboni ndi mabaluni, a Nasoni ali pa chiwongolero ndi jekete la malemu limene anapatsidwa pa maliro. Hutala inagwira ntchito yake. Pa Namitete ogulitsa anasiya malonda, akabaza anaima, ana anathamangira m'fumbi. A Nasoni anadina osalekeza, chala osachotsa. Kwa nthawi yochepa imeneyo anali munthu ndithu.

Atapatuka pa tala kulowa msewu wafumbi wa mabampu, fungo lija linabwera. Analidziwa, ndipo anadziuza kuti litha lokha monga kale. Utsi unayamba kutuluka pansi pa dashibodi, woyera, kenako wakuda. Pamene ankaimika galimoto, malawi anali atatulukira kale m'mbali mwa boneti. Mkwati anakankha chitseko n'kumukokera Rachel kunja, velo itagwira moto kumapeto, amayi akuizima ndi zitenje. Anthu anathira mchenga, ena anathira zakumwa za paukwati, koma maliboni ndi mipando yakale zinali ngati udzu wouma. Palibe anafa. Pijo ya malemu inatsala chigoba chakuda pakati pa msewu, a Joel Chikoti ataima poteropo ndi suti yawo, akulira ngati mwana pamaso pa apongozi awo.

Mlandu unakambidwa Lolemba m'mawa pakhonde la ofesi, matenanti ndi antchito onse atakhala pansi. Faness anaima, maso ali gwa.

"Bwana, galimoto ija sikanapsa. Waya aliyense anali ndi fyuzi yake. Wina anagwiramo. Hutala imene inkalira ija si imene ndinasiya ine."

A bwana anayang'ana a Nasoni. "Madala, munagwiramo?"

Apa a Nasoni anaona kanyumba kawo, ndi a Salome atagona pamphasa miyendo itatupa. Mantha anawagwira, mantha enieni a nkhalamba yopanda kopita. Anavula chipewa.

"Ine, bwana? Chiyambire mwanayu ntchito yake, anandiletsa ngakhale kutsegula boneti. Hutalayo anaika yekha Lachinayi, ine ndikuona. Ndinamuuza kuti mwanawe, galimoto zakale sizifuna timabokosi iti. Koma ana a sukulu samva."

Bodzalo linatuluka losalala, ngati analiphunzira kalekale.

"Bambo Nasoni," anatero Faness, "mukunama."

Sanamalize bwino. A Simeon, munthu amene sanamenyepo ngakhale galu, anadzuka n'kumuwomba mbama mwana wawo, mpaka anadzandira n'kugwira chipilala. Ankayesa kuti akatero a bwana aziziritsa mtima.

"Ungatukwane munthu wamkulu pamaso panga? Gwada, upepese."

Faness anagwada. Anapepesa a bwana, kenako anapepesa a Nasoni, magazi akutuluka pamlomo. A Nasoni anagwedeza mutu monga munthu wokhululuka.

Sizinathandize. A bwana anati galimoto ya bambo awo palibe chimene chingaibwezere, ndipo sankafuna kuonanso nkhope ya aliyense wa banja limenelo. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, anatero. A Simeon anapatsidwa masiku awiri. Nazale yawo ya fodya, imene inali itabiriwira bwino kuposa za anzawo onse, inapatsidwa kwa tenanti wina tsiku lomwelo. Nkhani inafika ku Mpingu Faness asanafike, ndipo mwini galaja anamutumizira uthenga kuti asavutike kubwera, poti palibe angapereke galimoto yake kwa mtsikana wootcha mkwatibwi.

"Inu madala," anatero a bwana pomaliza, "munatichenjeza, ife osamva. Khalani m'nyumba mwanumo. Muziyendetsako thirakitala."

Ntchito yawo yoyamba pa thirakitala inali yokatula banja la a Simeon kumsewu. Lachitatu m'mawa anakweza m'ngolo mphasa, mapoto, njinga, matumba awiri a chimanga, ndi ana atatu aang'ono. Akazi a a Simeon ankalira chamumtima. Faness anakhala kumapeto kwa ngolo, tsaya litatupa, bambo ake osamulankhula. Ulendo wonse a Nasoni ankamva maso ake pamsana pawo, ndipo sanacheuke. Anadutsa pamalo pamene galimoto inapsera, thirakitala n'kulambalala phulusa.

Pa siteji anatsitsa katundu. A Nasoni anafuna kutembenuza msanga, koma a Simeon anawaimitsa. Anapita pa mulu wa katundu, natenga nkhuku yathadzi yomangidwa miyendo, imodzi mwa ziwiri zimene anatsala nazo. Anafika nayo pafupi ndi tayala la thirakitala, nanjuta, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Achimwene, zaka makumi awiri takhala ngati a mimba imodzi. Mwana wanga anakuchititsani manyazi pagulu, ndipo akanakuphani m'galimoto muja. Musatisungire kukhosi. Iyi mukawaphere alamu, amwe msuzi."

A Nasoni anatsegula pakamwa. Mawu oulula zoona analipo, anafika mpaka pa lilime. Faness anali ataima kumbuyo kwa bambo ake, akuwayang'ana, akudikira. Minibasi ya ku Lilongwe inali ikubwera, kondakitala akuitana.

"Zikomo, achimwene," anatero a Nasoni. "Ana ndi ana. Muyende bwino."

Analandira nkhukuyo, naiika pansi pa mpando, n'kuliza thirakitala kubwerera kunyumba kwawo.