Masiku Atatu Osayankhula ku Al Twar

Dunstan Kachingwe, bambo wa ku Ntcheu, ankakonza zipinda pa hotela ina ku Bur Dubai. Chimwalirireni mayi ake, anzake ankamuzemba chifukwa ankapsa mtima ndi kanthu kochepa. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti mng'ono wake Pius anamubisira matenda a mayiwo miyezi iwiri, n'kudzamuimbira foni maliro atayikidwa kale.

Mnzake wa kuntchito, Nimal wa ku Sri Lanka, anamuitanira ku nyumba ina ku Al Twar, ku Dubai komweko, kumene Abuda, otsatira chipembedzo cha Buda, ankakabindikira masiku atatu kuphunzira kusinkhasinkha.

"Ine ndine wa CCAP, habibi," anatero Dunstan, pomutchula kuti mnzanga m'Chiarabu.

"Palibe amene akakulande Baibulo. Yalla, tiye, pempha tchuthi tipite."

Pakhomo anasiya mafoni m'dengu, ndipo kuyankhula kunathera pomwepo. Wophunzitsa anali mayi wachikulire wometa mpala, wofunda nsalu yofiirira. Anthu ankawatchula kuti Ayya. Ankasesa okha pabwalo, mbale yawo ankatsuka okha, ndipo poyenda ankaponda ngati akuopa kudzutsa mwana.

Tsiku loyamba anangokhala pansi, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Mawondo a Dunstan anayaka moto. Akangotsinzina, nkhope ya Pius inkabwera.

"Ganizo likabwera musalithamangitse," anatero Ayya m'Chingerezi chofewa. "Lioneni, mulizindikire, lipita lokha."

Tsiku lachiwiri anawaphunzitsa kufunira ena zabwino chamumtima: akhale pa mtendere, mavuto amutalikire. Anayamba ndi munthu amene umamukonda, kenako amene sumudziwa. Atafika pa munthu amene anakulakwira, Dunstan ananyamuka, n'kumenyetsa chitseko, kukakhala pa sitepe panja dzuwa likuswa mtengo.

Sipanapite nthawi, Ayya anatuluka ndi kapu ya madzi, osavala nsapato pa simenti yotenthayo, nakhala pafupi naye. Sanamudzudzule. Dunstan anawafotokozera zonse.

"Mkwiyowo uli pati m'thupi mwanu?" anafunsa.

"Pakhosi."

"Uyang'anitsitseni. Ukungokhala chimodzimodzi?"

Dunstan anatsinzina. Chinthu ngati chotupa pakhosipo chinkakula, n'kuphwa, n'kutsikira pachifuwa. Kunsi kwake sikunali mkwiyo ayi, chinali chisoni. Analira kulira kumene anakusunga chaka chathunthu, Ayya ali pambali pake, thukuta likutsika pamutu pawo.

"Mng'ono wanuyo musiyeni kaye," anatero pomaliza. "Lero mufunire zabwino munthu amene sanathe kuyika mayi ake m'manda. Ameneyo ndiye wavutika pano."

Tsiku lachitatu m'mawa, Dunstan anayesa kumufunira zabwino Pius mumtima. Mawu anatuluka owuma, kamodzi kokha. Atawauza Ayya mwamanyazi, iwo anaseka pang'ono.

"Kamodzi si pang'ono. Ine zinanditengera zaka zinayi."

Ali mu sitima ya Metro pobwerera, Nimal ndi amene anamuuza kuti Ayya asanamete anali ndi banja. Mwana wawo wamkazi anagundidwa ndi lole ya dalaivala woledzera, ndipo patapita zaka, iwo anakamuona munthuyo kundende atamutengera chakudya.

Panapita sabata. Lachinayi masana, pa nthawi yopuma, anakhala kuseri kwa chipinda chochapira n'kuimba foni.

"Achimwene?" Mawu a Pius anamveka amantha. "Khululukani. Amayi ndi amene anandiletsa. Ankati mukamva musiya ntchito, ana anu avutika. Ine ndinaganiza kuti achira."

Dunstan anamva chotupa chija chikukwera, nachisiya kuti chikwere.

"Munawagoneka pati?"

"Pafupi ndi abambo, kunsi kwa mtengo wa msuku uja."

"Anavutika kwambiri?"

Pius anayamba kufotokoza, kuyambira tsiku limene mayiwo anagwa kudimba. Dunstan anamvetsera mpaka kapitawo anasuzumira pakhomo n'kumulozera wotchi.