Bwalo la a Lifali

Violet anali atawerenga mapazi makumi awiri ndi asanu pamene mchimwene wake Crispin anatulukira kuseri kwa khola la mbuzi.

"Mukuyeza chiyani, achemwali?"

"Mwandisokoneza," anatero Violet, n'kubwerera pamtengo wa mapeyala kukayambiranso.

Linali Lachisanu m'mawa, tsiku lachinayi chiikireni m'manda mayi awo, mayi Marita Nakhumwa. Anthu a pamaliro anali atabalalika, mabenchi atabwezedwa kutchalitchi. Malo amene Violet ankayezawo anali kuseri kwa nyumba, ndipo m'mudzi wonsewo, wopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi chigwembe cha mtsinje, panalibenso pena posalala chonchi. Kale unali munda wa chimanga. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atangosiya kutchola tiyi, mayi Marita analeka kuulima n'kuupereka kwa achinyamata a mpingo wawo wa Menonaiti kuti azisewererapo. Kuno ndi uko kunaima mitengo ya bulugamu, uliwonse uli ndi mkombero wa njinga kunsonga. Atsikana ankaponyamo mpira wamanja, anyamata ankamenya wamiyendo pakati pa miyala iwiri.

"Pakwana mizere makumi anayi," anatero Violet atafika kumapeto. "Chimanga, nandolo m'kati mwake, maungu m'mbalimu."

"Ndiye anawa azisewera kuti?"

"Nanga anga azidya kuti?"

Crispin anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. Iye ankayendetsa thirakitala yonyamula tiyi ku esiteti, ndipo ankakhala tsidya la mtsinje, kwa mkazi wake. Violet ndiye anali mwana wamkazi yekhayo, choncho malo onsewo tsopano anali ake.

"Amayi anandiuza ine kuti bwaloli lisagwidwe," anatero Crispin.

"Anauza inu, amene muli ndi munda wa akazi anu. Ine ku Limbe sindibwererako, achimwene. Kaunjika sakuyenda, bambo a ana anga chipitireni ku Joni ngakhale foni. Ana atatu, ndiwaphikire mpira?"

"Zaka zisanu ndi zinayi mumabwera m'mawa, madzulo mwakwera minibasi. Lero ndiye mwadziwa kuti kuno kuli dothi?"

"Musandiyambe! Ndani ankatumiza mankhwala a BP mwezi ndi mwezi?"

Mawu anakwera mpaka nkhuku zinachoka pakhonde. Onse awiri sanaone kuti pambali pa nyumba paima mtsikana wamtali atanyamula ndowa ya phulusa. Anali Tione, mtsogoleri wa achinyamata, wa zaka makumi awiri. Anatula ndowa n'kugwada.

"Pepani, amayi. Tinabwera kudzapempha. Mawa kukubwera anzathu a mpingo wa ku Masambanjati. Anawaitana ndi a Lifali eni ake mwezi wathawu."

"A ndani?"

"A Lifali. Amayi anu. Ndi amene ankatiyimbira wezulo." Tione anamwetulira, kenako anadzigwira. "Ife tinafuna kuwaimbira foni anzathuwo kuti asabwere. Koma titapita kukawaona a Lifali kuchipatala anatikalipira. Anati, 'Ngakhale nditafa Lachisanu, mundiike Loweruka m'mamawa, masana mpira.'"

Crispin anaseka osafuna, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Violet sanaseke.

"Seweranitu mawalo," anatero. "Lolemba ndikuzula mitengoyi."

Tione anangoti, "Zikomo, amayi." Ananyamula ndowa yake n'kuyamba kuthira mizere ya phulusa, pang'onopang'ono, mowongoka bwino.

Loweruka Violet anadzutsidwa ndi nyimbo. Dzuwa linali lisanakwere pamwamba pa tiyi. Atasuzumira pawindo anaona achinyamata pafupifupi makumi atatu akudutsa pabwalo ali pamzere, makasu pamapewa, osapondako phulusa. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, atsikana pamwamba, anyamata pansi, popanda ng'oma kapena gitala monga mwa mpingo wawo. Analowera kumunsi, kuchigwembe. Violet anamanga chitenje n'kuwatsatira.

Malo otsetserekawo ankawakumbuka bwino. Ali mwana kunali miyala yokhayokha ndi zitsamba zobaya, mbuzi zokha ndi zimene zinkapitako. Tsopano anaima pamwamba pake kukamwa kuli yasa. Miyala ija inali itasanjidwa m'migula isanu ndi umodzi, wina pansi pa unzake ngati masitepe, m'mphepete mwake muli udzu wa vetiva. Pamgula woyamba panali nandolo wolemera ndi nyemba zake. Kutsika apo chinangwa, kenako mbatata, ndipo kumunsi kwenikweni, kufupi ndi madzi, nthochi zitapendekeka ndi mikoko.

"Walima ndani kuno?" anafunsa.

Tione anaimika khasu. "Ndi ife. Lamulo lake ndi lakuti khasu kaye, mpira pambuyo. Loweruka lina timalima kuno, lina kwa a Margret amene maso awavuta, lina timakafolera nyumba ya wina aliyense imene ikudontha. Wosabwera m'mawa, masana amakhala woonerera."

"Ndiye lero mwabwereranji? Si ndakuuzani kuti Lolemba ndikuzula?"

"Lero ndi tsiku la kuno, amayi. Chinangwachi sichikudziwa za Lolemba."

Mnyamata wina wonenepa, dzina lake Caleb, anakuwa ali pamgula wachitatu. "Mwala uwu tinaugubuduza anthu asanu ndi atatu! A Lifali atakhala pamwamba pake, akutiimbira wezulo!"

Onse anaseka, ndipo nkhani zinayamba kugwa ngati mapeyala akupsa. Akuti mayi Marita malamulo a mpira sankawadziwa n'komwe. Ankaimba wezulo mbuzi ikalowa m'bwalo, ankaimbanso akafuna kufunsa wina ngati mayi ake achira. Timu ina ikamagonja kwambiri, nthawi sinkatha mpaka itagoletsako kamodzi. Tsiku lina anatulutsa Caleb m'bwalo chifukwa anadzera kumpira asanatunge madzi kwawo.

Violet anapezeka atakhala pamwala, akusenda nandolo m'manja osadziwa kuti wamuthyola liti. Tione anadzakhala pafupi naye.

"Ankatiuzanso za inu," anatero motsitsa mawu.

"Zoti sindibwera kudzawaona."

"Ayi. Ankati, 'Violet wanga ankagoletsa ngakhale atatsinzina.' Akuti muli Sitandade 8 timu ya sukulu yanu inkapita ku Luchenza kumpikisano, inu mutavala kale yunifolomu. Iwo anakulandani mpira n'kukupatsani khasu, chifukwa udzu unali utakula m'chimanga. Pabwalo pomwe paja."

Violet anasiya kusenda. Tsikulo ankalikumbuka: lole ikudutsa mumsewu, anzake akumuitana dzina, iye ataweramira pansi kuti asamuone akulira. Chiyambire tsiku limenelo sanagwirenso mpira, ndipo iye ndi mayi ake sanaikambepo nkhaniyo ngakhale kamodzi.

"Ankati chimanga cha chaka chimenecho chinatha mu Ogasiti," anapitiriza Tione, "koma nkhope yanu ya tsiku lija sinawathere."

Violet anaimirira, n'kutenga khasu la Tione, n'kutsikira kuchinangwa. Analima mpaka dzuwa linafika pamutu.

Lole ya ku Masambanjati inamveka isanaoneke. Inatulukira pakona ya tiyi itadzaza achinyamata akuimba, wina atakweza m'mwamba mkoko wa nthochi wodzapepesera maliro. Atatsika anayamba alowa m'nyumba kudzagwira chanza anamfedwa, kenako magulu awiriwo anaima mozungulira bwalo, n'kuimba nyimbo imodzi, n'kupemphera. Mudzi wonse unali utafika. Amayi otchola tiyi, ongoweruka kumene, anakhala m'munsi mwa mapeyala madengu awo ali pambali.

Tione anapita kwa Crispin atanyamula wezulo wa malemu, womangidwa pa kansalu kobiriwira. "Atiyimbire ndani, abambo?"

Crispin anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuukoleka m'khosi.

Anyamata anayamba, n'kulepherana chimodzi kwa chimodzi. Itakwana nthawi ya atsikana, kunapezeka kuti wogoletsa wa eni bwalo palibe. Anali ataperekeza mng'ono wake kuchipatala. Atsikanawo ananong'onezana, kenako onse anatembenukira pakhonde pamene panakhala Violet.

"Ine? Mwapenga? Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Komanso manda a amayi dothi lake silinaume. Anthu ati chiyani?"

Mayi Margret, mnzawo wa malemu amene anatchola naye tiyi zaka zambiri, anagogoda pansi ndi ndodo. "Anthu ake ndi ife tili panofe. Dzuka, mwana iwe. Ine sindiona bwino, koma ndimva."

Violet anavula masilipasi, n'kukwinya chitenje, n'kulowa. Mpira woyamba unamupulumuka m'manja. Wachiwiri anauponya n'kudutsa pamwamba pa mkombero mpaka kukagwera m'khola la mbuzi, ndipo ana ake atatu anagubuduka ndi kuseka. Wachitatu anaugwira bwino. Anaima, anapuma, anakweza manja. Mpira unazungulira mkombero wa njinga kamodzi n'kugweramo.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. "Walowa?" anafunsa mayi Margret. Atauzidwa kuti walowa anaponya ndodo m'mwamba.

Kuyambira pamenepo thupi linakumbuka lokha. Anagoletsa kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Duku linagwa, mwana wake wamkazi n'kulitola n'kumathamanga nalo m'mbali mwa bwalo akukuwa, "Amenewo ndi amayi anga!" Kutatsala pang'ono kutha, alendo akutsogola ndi chigoli chimodzi, Violet analandira mpira pansi penipeni pa mtengo wa chigoli. Wezulo unalira.

"Mwayenda nawo mpira," anatero Crispin.

"Ndayenda liti?"

"Mapazi atatu. Ndawerenga."

"Bodza! Mukundibwezera za dzulo, achimwene!"

"Amene amadziwa kuwerenga mapazi pabwalo lino si inu nokha."

Anthu anaseka mpaka ena anagwira m'mimba. Alendo anatenga mpira n'kukagoletsa, ndipo masewero anatha iwo atapambana ndi zigoli ziwiri. Atsikana a mbali zonse anamuzungulira Violet, akumukumbatira thukuta lili chuchuchu. Iye anatsamira mtengo wa chigoli akupuma mwabefu. Mtengowo unagwedera. Anawerama n'kukanda m'tsinde mwake ndi chala.

"Tione, chiswe chayamba apa. Mupeze oilo wakuda mupake, apo ayi sufika Khirisimasi."

Tione anamuyang'ana modabwa, Violet n'kupitiriza.

"Ndipo kumunsi kwa nthochi kuja kwatsala malo. Ndikufuna migula ina iwiri mvula isanagwe. Chimanga changa ndidzala kumeneko. Chikakanika, chaka chamawa tidzakambirananso."

"Tidzabwera ndi a ku Masambanjati omwe!" anatero Tione, n'kuthamanga kukauza anzake.

Violet ankayesa kuti zatha, koma palibe amene ananyamuka. Caleb ndi anzake anabwera ndi mabeseni anayi ndi zigubu za madzi, n'kuziika pamzere pakati pa bwalo. Phokoso linazirala. Ku mpingo wawo anthu amasambitsana mapazi pa tsiku la mgonero, zimenezo Violet ankazidziwa kuyambira ali mwana. Koma pabwalo la mpira anali asanazionepo.

Anyamata awiri amene anatcherana mwendo n'kutsala pang'ono kugwirana malaya anatuluka okha, wina n'kukhala pa njerwa, mnzake n'kugwada. Atsikana awiri amene anakankhana pansi pa chigoli anachita chimodzimodzi. Panalibe wowaitana.

"A Lifali ankati kudikira mgonero n'kuchedwa," Tione anamuuza Violet. "Amene mwakangana, musachoke pabwalo ndi fumbi lake."

Atatero ananyamula beseni lomaliza n'kukaliika pakati pa Violet ndi Crispin, pamodzi ndi kansalu kopukutira.

Crispin anakanda m'mutu. "Ife za mpira zokha, kapena ndi za dzulo zomwe?"

"Madzi ake ndi omwewo, abambo."

"Nanga amayamba ndani?" anafunsa Violet.

"Ankati ayambe amene akuona kuti sanalakwe."

Onse awiri anagwada nthawi imodzi, mitu n'kugundana pamwamba pa beseni. Mayi Margret anafunsa chimene chachitika, ndipo atauzidwa anaseka mpaka kutsokomola. Crispin anafuna kukoka beseni, koma Violet anali ataligwira kale ndi manja awiri.

"Khalani pansi, achimwene."

Crispin anakhala pa njerwa. Violet anamuvula jombo za ku esiteti, imodzi kenako inzake, n'kuziimika pambali. Anayesa madzi ndi chigongono ngati akufuna kusambitsa khanda, n'kunyamula phazi la mchimwene wake n'kuliviika m'beseni.