Timiyala ta pamanda a amama

Kalasi ya Lachitatu sindinayiyambe chifukwa cha kupemphera kwambiri ayi. Ndinkathawa nyumba. Mwamuna wanga Davis akakhala kuti sanapite kunyanja amalankhula za maukonde tsiku lonse, ndipo ine ndikamachoka kumsika wa ku Chipyela, kumene ndimagulitsa usipa wouma, mutu umakhala utadzaza kale. Ndiye nditamva kuti Mayi Frances atsegula kalasi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndinati bola kumeneko, kuli benchi ndi mthunzi.

Mayi Frances ndi mwana wa pachilumba pompano, koma anakhala zaka makumi awiri ku Bulawayo akusamalira nkhalamba za Chiyuda. Kumeneko ankakhala nawo pa maphunziro a sabata ndi sabata, powerenga mabuku asanu a Mose amene eni akewo amati Tora. Tsiku loyamba ananeneratu poyera kuti palibe amene akusintha mpingo, tikungofuna kudziwa zimene Yesu ankamva ndi kuona ali mwana. Tinalipo khumi ndi awiri, ambiri amayi, kuphatikizapo a Cyril, mphunzitsi wopuma pantchito amene sangalole munthu kumaliza chiganizo asanakweze dzanja.

Mosayembekezera, kalasiyo ndinaikonda. Tinkawerenga ndime imodzi n'kukangana nayo ola lathunthu, ndipo Mayi Frances ankati kukanganako ndiye phunzirolo. Kwa munthu wa pakamwa ngati ine, amenewo anali mankhwala. Nthawi ya Pasika anatiphikira buledi wopanda yisiti, wouma gwa, moti a Cyril anatsala pang'ono kusiyapo dzino.

Koma nkhani yanga ndi ya ababa.

Ababa, a Ambrose, anagwira ntchito ya ukhukhi ku Joni zaka makumi atatu ndi zinayi, m'nyumba imodzi yomweyo. Ife tinakula tikuwadziwa ngati katoni ya zovala yobwera pa Khirisimasi. Amama, a Rose, ndi amene analima chinangwa, kutitengera kuchipatala, kutikwapula ndi kutipukuta misozi. Atadwala amama ndinawayang'anira ine. Atamwalira, ababa anakwera basi masiku atatu, n'kufika ku Nkhata Bay sitima yobwera kuchilumba kuno itachoka. Tinaika maliro iwo kulibe. Anafika patapita masiku anayi atavala jekete, anaima pamanda osagwetsa msozi n'umodzi womwe, ndipo ine ndinawauza mawu pamaso pa anthu.

"Baba, amama anakudikirani moyo wawo wonse, ndipo ngakhale lero mwachedwa. Za ku Joni zanuzo musabwere nazo kuno."

Chaka chotsatira anabwereratu kumudzi, n'kukakhala okha m'kanyumba ka makolo awo ku Mbungo. Ine ndili ku Yofu, kumenenso kuli manda a amama. Ndinkawatumizira ndiwo, moni ndinkawapatsa, koma mumtima ndinawatsekera chitseko, ndipo sindibisa. Pa tsiku lokumbukira akufa anthu onse amapita kumanda ndi maluwa, koma ababa sindinawaonepo atanyamula duwa.

Manda a amama ndimawasesa mwezi ndi mwezi. Tinawathira simenti bwinobwino, ndi mtanda kumutu. Ababa atangobwerera, ndinayamba kupeza timiyala pamwamba pa simentiyo, tinayi, nthawi zina tisanu, titandandalikidwa chakumutu. Poyamba ndinati ndi ana oweta mbuzi. Koma timiyalato sitinali ta pamalopo. Miyala ya kumanda kwathu ndi yokhakhala, pamene iti tinali toyera, tosalala, ta m'madzi. Wina ankatinyamula dala kuchokera kunyanja. Inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinaganiza zimene aliyense wa kwathu kuno akanaganiza, kuti pali munthu akutichita chipongwe ndi mankhwala.

Sindinkatigwira ndi manja. Ndinkatikankhira pa chilata ndi tsache, n'kukatitaya kuseri kwa mlambe waukulu uli m'mphepete mwa manda. Mwezi wotsatira ndinkapeza tina. Chaka china zitandikwana ndinaitana amayi anzanga a mpingo kuti tidzapemphere pamandapo, ndipo ababanso ndinawaitana kuti aone zimene zikuchitikira mkazi wawo. Ndinapemphera mokweza kuti dzanja loika miyalalo liume. Ababa anaima chapatali, chipewa chili pachifuwa. Titatha anangondifunsa funso limodzi.

"Evelina, umaitaya kuti miyalayo?"

"Kuseri kwa mlambe. Bwanji?"

"Ayi, chabwino."

Zinapita choncho zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chino miyendo ya ababa inayamba kutupa. Mlongo wanga Nathaniel, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, anabwera mu Seputembala n'kuwaona akukwawira kuchitsime ndi ndodo. Anandipeza kumsika n'kundiikira nkhani patebulo la usipa.

"Achemwali, ababa sangakhalenso okha. Muwatenge kwanu ku Yofu, apo ayi ndipita nawo ku Mzuzu pa sitima ya Loweruka. Ndipo akapita, mukudziwa kuti sadzabwereranso ndi miyendo yawo."

"Atengeni," ndinatero. "Anazolowera kukhala kutali. Kuno alibe chowagwira."

Limenelo linali Lachiwiri. Lachitatu ndinapita kukalasi mtima uli mbee, ngati munthu amene watula mtolo.

Tsikulo Mayi Frances anabwera ndi nthochi ndi kabotolo ka uchi. Anati chaka chatsopano cha Ayuda chayandikira, ndipo iwo amanyika chipatso mu uchi popempha chaka chokoma. Anafotokoza za nyanga ya nkhosa imene amaliza, ndi za tsiku lalikulu losala kudya lobwera pambuyo pake. Anati tsikulo lisanafike munthu amayenera kupita yekha kwa amene anamulakwira n'kukapepesa, chifukwa mlandu wa pakati pa anthu awiri sungathere m'pemphero mokha. Ine ndinagwedeza mutu kwambiri, ndikuganiza za anthu amene anayenera kubwera kwa ine.

"M'masabata amenewa," anapitiriza Mayi Frances, "ambiri amakayendera manda a abale awo."

Dzanja la a Cyril linali m'mwamba kale. "Amanyamula maluwa anji, mayi? Poti kwawoko n'kouma."

"Sanyamula maluwa, aphunzitsi. Amanyamula kamwala. Munthu akafika pamanda, amaima pang'ono, n'kuika kamwala pamwamba pake. Akabweranso amaika kena. Nkhalamba ina inandiuza kuti duwa limafota mawa, koma kamwala kamakhala, ndiye wodutsa amadziwa kuti wagona apayu sanaiwalidwe. Manda a munthu wokondedwa mumawadziwira kuchuluka kwa timiyala."

Ndinaika nthochi yanga pansi. Ndinafunsa ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga.

"Mayi, kamwalako kamakhala kotani?"

"Kalikonse. Ena amasankha kosalala, kochokera kumene amakhala."

"Ndipo wosesa manda amatani nato?"

Mayi Frances anandiyang'ana modabwa. "Satichotsa ayi. Angachotse bwanji maulendo a mnzake?"

Pamenepo ndinakumbukira kuti banja limene ababa ankaliphikira ku Joni linali la Chiyuda. Ndinkadziwa kuyambira kale, chifukwa amama ankaseka kuti mwamuna wawo ali ndi mapoto a nyama ndi mapoto a mkaka osasakanizika. Ndinkadziwa, koma sindinafunepo kumva zambiri. Timiyala tinayi kapena tisanu pamwezi ndiye kuti kamodzi pa sabata. Kuchokera ku Mbungo kufika ku Yofu n'kubwerera, ndi miyendo imene ija. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinatuluka m'kalasimo osatsanzika.

Lachinayi kumsika sindinapite. Ndinalawirira ku Mbungo dzuwa lisanatenthe, ndipo ndinapeza ababa ali pakhonde, sutikesi yawo yakale ya ku Joni itamangidwa kale ndi chingwe. Pambali pawo panali kathumba ka shuga kodzaza timiyala toyera, tina tikadali tonyowa.

Ndinagwada monga mwa mwambo, koma moni anandithawa.

"Baba, timiyala iti n'ta chiyani?"

Anayang'ana kathumbako, kenako anayang'ana ine, ngati mwana wogwidwa ndi chala m'mphika.

"Ndimati mawa ndikatsanzike amako," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye poti sindidzabweranso, ndimati ndikasiye ta masabata akutsogolo. Ukadzataya usadandaule, ndikudziwa pamene umataya. Ndimadutsirapo."

Ine amene msika wonse umandidziwa kuti sindisowa choyankha, ndinakhala pansi n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Ababa anandisiya ndilire. Kenako anandiuza za nkhalamba imene ankaiphikira, mmene mkazi wake atamwalira ankaikankha pa njinga ya olumala kupita kumanda, n'kumaitolera kamwala chifukwa siinkatha kuwerama. Anati tsiku lija atafika mochedwa pamanda a amama, manja awo anali opanda kanthu, misozi inakana, ndipo chimene anadziwa kuchita n'chomwecho basi.

"Nanga osandiuza bwanji? Ndinapemphera kuti dzanja lanu liume, inu muli pomwepo."

"Unati za ku Joni ndisabwere nazo. Ndipo sunalakwe, mwanawe. Amako ndinawasiya nthawi yaitali." Anatambasula dzanja lawo n'kuliyang'ana. "Komanso silinaume. Yauma ndi miyendo, ndiye pemphero lako linaphonya pang'ono."

Ndinaseka misozi ili m'maso. Kenako ndinachita zimene Mayi Frances ananena, zimene dzulo lake ndinkaganiza kuti ndi za anthu ena.

"Baba, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Ndinayenera kuyamba ndine," anatero. "Undikhululukire nawenso, Evelina."

Ndinaimirira n'kumasula chingwe cha sutikesi ija, kenako ndinaona kuti ndikupusa, ndinachimanganso, poti katunduyo ankayenera kunyamulidwabe. Nathaniel atafika kuchokera kokagula matikiti ndinamuuza kuti sutikesi ikupita ku Yofu, osati ku Mzuzu. Anafuna kufunsa kuti chasintha n'chiyani, koma atandiyang'ana kumaso anangoinyamula. Davis anawatenga ababa pa bwato masana omwewo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mwamuna wokonda kulankhula za maukonde, poti ababa ankamumvetsera mosangalala njira yonse.

Lachisanu m'mawa tinapita kumanda awiriwiri. Kuchokera kunyumba kwanga ndi pafupi, koma tinapuma kawiri. Ndinatenga dengu limene ndimagulitsira usipa, n'kuzungulira kuseri kwa mlambe. Sindinayang'anepo bwinobwino pamalo paja, ndinkangotaya n'kuthawa. Nditachotsa masamba ndi udzu ndinapeza mulu wofika m'mawondo, woyera mbuu. Ndinayamba kutola ndi manja anga, ndipo dengu linadzaza muluwo usanafike ndi theka lomwe.

"Usabweze tonse," anatero ababa ali pa ndodo yawo. "Simenti ingasweke, amako n'kutikalipira tonse awiri."

Ndinabweza dengu limodzi, n'kuyala timiyalato kumutu mpaka m'mbali. Totsalato tinatisiya pamlambe, ndipo ndinazulira udzu kuti tizioneka. Ababa anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kamwala kamodzi kokha, n'kukaika pansi pa mtanda. Kathumba ka masabata akutsogolo anakasiya kunyumba.

Lachitatu lotsatira ndinapita nawo kukalasi. Ndinawagwira dzanja Mayi Frances nthawi yaitali, kenako ndinangoti zikomo, ndipo anamva. Zikanakhala kuti phunziro lija linachedwa sabata imodzi, ababa akanakhala ali ku Mzuzu, ine ndikukankhira kathumba konse ka timiyala pa chilata. Tsopano ababa amakhala pa benchi yakutsogolo, ndipo a Cyril apeza mnzawo, chifukwa ababa amawakonza ngakhale Mayi Frances pa nkhani ya mapoto.

Kumanda timapita Lachisanu lililonse. Pa tsiku lokumbukira akufa maluwa ndimanyamulabe, poti ndine mwana wa amama. Koma sabata yatha miyendo ya ababa inakaniratu, sanathe kutsika pakhonde. Anandiitana, n'kundiikira kamwala m'dzanja. Panjira ndinatola kena, ndipo pamanda ndinaika tiwiri.